Ndere za M'munda wa Mpunga Zimene Zigwira Nchito Usiku

Pa msonkhano wina wa alimi a mpunga umene tinachitira m'mbali mwa dambo, mkulu wina anandifunsa funso limene sindinaliyankhe mokwanira tsiku lomwelo. Iye anati: "Alangizi, munda wa chimanga ukalimidwa zaka zitatu kapena zinai wopanda manyowa, uguga, ndipo chimanga chichita chikasu. Koma dambo ili analima agogo athu, atate athu analimanso, ndipo ife tiri kukololabe mpunga chaka ndi chaka, ngakhale uli wochepa. Nanga chakudya cha mpungawo chichokera kuti?"

Ndinawayankha kuti madzi osefukira abwera ndi matope achonde ochokera kumtunda. Yankho limenelo ndi loona, koma losakwanira. Mbali inayo ndiyo ndifuna kuifotokoza pano, pakuti mlimi amene aidziwa angathe kusunga thandizo limene alipeza kwaulere, ndipo wosaidziwa aliononga ndi manja ake omwe.

Chakudya chimene chiri mumpweya

Mbeu iriyonse ifuna zakudya zamitundu ingapo, koma chimene chitha msanga m'nthaka ndi naitrojeni. Chakudya chimenechi ndicho chibiriwitsa masamba ndi kukuza phesi. Chikasowa, masamba am'munsi ayamba chikasu, mbeu ipinimbira, ndipo ngala za mpunga zikhala zazifupi. Ndicho chimene tigula m'thumba la feteleza. Pa makilogalamu 100 a salufeti, 21 okha ndiwo naitrojeni, ndipo pa makilogalamu 100 a yureya, naitrojeni ndi 46.

Chodabwitsa nchakuti naitrojeni ali ponseponse pamwamba pa minda yathu. Mpweya umene tipuma tikaugawa magawo 100, magawo 78 ndi naitrojeni, ndipo 21 ndi okosijeni, ndiwo mpweya uja upatsa moyo ndi kuyatsa moto. Koma mbeu siingathe kudya naitrojeni wa mumpweya, chifukwa timagawo take tiri tiwiritiwiri, tomangana ndi mfundo zitatu zolimba kwambiri. Mfundozo ziyenera kumasulidwa poyamba kuti mizu ilandire chakudyacho.

Anthu anachedwa kuphunzira kumasula mfundo zimenezi. Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yake m'chaka cha 1909, ndipo Carl Bosch anamanga fakitale yoyamba ku Oppau m'chaka cha 1913. Nchitoyi ifuna moto wotentha koposa madigiri 400 ndi makina opanikiza mpweya mwamphamvu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene feteleza akwerera mtengo.

Koma pali tizilombo tina tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, timene tichita nchito yomweyo m'madzi ozizira a m'dambo. Tiri ndi chida chake m'thupi mwao, chimene akatswiri achitcha nitrogenase. Chidachi chiri ndi bvuto limodzi lalikulu: chikakhudzana ndi okosijeni chionongeka m'mphindi zowerengeka, ndipo sichikonzekanso. Chamoyo chirichonse chogwira naitrojeni chiyenera kupeza njira yobisira chida chake kwa okosijeni.

Njira imodzi mungathe kuiona nokha. Zulani mtedza, khobwe kapena nandolo wamng'ono, ndipo mudzaona timibulu pa mizu. Dulani kamodzi ndi chikhadabo. Ngati kali pa nchito, mkati mwake mudzakhala mofiirira. Chofiiracho ndi mbale wake wa chimene chifiiritsa magazi athu, ndipo nchito yake ndi kugwira okosijeni kuti asafike wambiri pamene pali chida chija. Hellriegel ndi Wilfarth, akatswiri a ku Germany, ndiwo anasonyeza m'chaka cha 1886 kuti mbeu za mtundu wa nyemba zipeza naitrojeni wa mumpweya kudzera m'timibulu timeneti.

Ndere za m'madzi a mpunga

Mpunga ulibe timibulu totere. Athandizi ake ali m'madzi. Aliyense wolima m'dambo aziona ndere zoterera, zobiriwira mokhala ngati mwadera, zimene zimera pamwamba pa matope ndi kuyandama dzuwa likakwera. Pakati pa ndere zimenezi pali mtundu umene kwenikweni uli mabakiteriya, wotchedwa cyanobacteria. M'chaka cha 1939 katswiri wa ku India, dzina lake P. K. De, anasonyeza kuti ndere zimenezi zigwira naitrojeni wa mumpweya, ndipo anati ichi ndi chimene chithandiza minda ya mpunga ya kwao kubereka zaka zambirimbiri popanda manyowa. Funso la mkulu uja ndi lomwelo limene anafunsa anthu a ku India.

Tsono ndere zimenezi ziri ndi bvuto loposa la mabakiteriya a mu mtedza. Izo zidzipangira chakudya chao ndi kuwala kwa dzuwa monga achitira masamba, ndipo pochita ichi zitulutsa okosijeni. Timathobvu timene muona pa ndere masana ndi okosijeni ameneyo. Motero mdani wa chida chija abadwira m'thupi momwemo m'mene muli chidacho. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Nanga kanthu kochepa chotere kangathe bwanji kugwira nchito ziwiri zodana?

Zimene ziri ndi chipinda chapadera

Thupi la chamoyo chirichonse limangidwa ndi tizipinda tating'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Ndere zina, monga Anabaena ndi Nostoc, zikaonedwa pa maikulosikopu, ndiwo makina okuza tinthu tating'ono, zioneka ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, ndipo mkanda uliwonse ndi selo limodzi. Naitrojeni akasowa m'madzi, selo limodzi pa maselo 10 kapena 20 lisandulika. Likula kuposa anzake, limanga khoma lochindikala, ndipo lileka kutulutsa okosijeni. Selo lotere litchedwa heterocyst. M'menemo ndimo mukhala chida chija. Anzake alitumizira chakudya cha shuga, ndipo ilo liwabwezera naitrojeni womasulidwa. Akatswiri anai a ku London, Fay, Stewart, Walsby ndi Fogg, ndiwo analemba za nchito ya selo limeneli m'chaka cha 1968.

Kwa zaka zambiri ophunzira anakhulupirira kuti ndere zokhala ndi heterocyst ndizo zokha zigwira naitrojeni. Koma m'chaka cha 1969 Wyatt ndi Silvey, a ku America, anapeza kandere ka selo limodzi lokha, kamene tsopano katchedwa Gloeothece, kali kugwira naitrojeni pamtetete, pamene pali mpweya wamasiku onse. Kanthu ka selo limodzi kalibe chipinda china choti kapatule. Panafunika kufunafuna njira ina.

Chipinda chimodzi, nthawi ziwiri

Amene anaphunzitsapo pa sukulu ya kumudzi adziwa chimene tichita pamene makalasi ali awiri koma chipinda chiri chimodzi. Sitiphunzitsa onse pamodzi, popeza angasokonezane. Ena abwera m'mawa, naweruka, ndipo ena alowa masana. Ndere zopanda heterocyst zichita chimodzimodzi. Zigawa tsiku pawiri.

Kuyambira m'mawa kufikira madzulo, selo lipanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo okosijeni atuluka wambiri. Nthawi imeneyi chida chija sichigwira nchito. Shugayo sathera pomwepo iai. Selo limuunjika m'timibulu ta mkati mwake, monga mlimi atutira chimanga m'nkhokwe. Dzuwa likalowa, kutuluka kwa okosijeni kuleka. Pamenepo selo litsegula nkhokwe zake ndi kuyamba kutentha shuga uja mofulumira. Kutenthako kuthandiza pawiri. Choyamba, kumaliza okosijeni wotsala mkati mwa selo, monga moto wa muuvuni wa makala umaliza mpweya wa m'menemo. Chachiwiri, kupereka mphamvu yomasulira mfundo zitatu zija, pakuti nchitoyi ifuna mphamvu yambiri. Motero usiku, pamene mlimi ali m'tulo, chida chija chiri pa nchito. Kukamacha nkhokwe zikhala zitachepa, chida chileka, ndipo nchito ya masana iyambanso.

Mtundu wina wa ndere zotere, wotchedwa Crocosphaera, umene ukhala m'nyanja zamchere, uchita chinthu china chanzeru. Chida chogwirira naitrojeni chifuna chitsulo, ndipo zida zopangira shuga zifunanso chitsulo, koma chitsulo m'madzi a m'nyanja nchosowa. Akatswiri anapeza m'chaka cha 2011 kuti kandere kameneka kaphwasula chida cha usiku m'mawa uliwonse ndi kugwiritsa nchito chitsulo chake pa zida za masana, ndipo madzulo kachimanganso. Potero kachepetsa chitsulo chimene kafuna ndi magawo ngati 40 mwa 100. Ziri ngati banja la khasu limodzi, limene mwamuna alimira m'mawa ndipo mkazi alimira madzulo.

Kodi belu aliza ndani?

Pa sukulu pali belu louza ana nthawi yosinthana. Poyamba anthu anayesa kuti belu la ndere ndi mdima weniweniwo. Koma m'chaka cha 1986, ku Taiwan, Grobbelaar wa ku South Africa ndi Huang pamodzi ndi anzao anayesa kandere kena ka selo limodzi kamene kanatengedwa m'munda wa mpunga. Anakazoloweza maora 12 a kuwala ndi maora 12 a mdima, ndipo pambuyo pake anakasiya pa nyale yosazima usana ndi usiku. Kanderko kanapitirizabe kugwira naitrojeni pa nthawi yake imene kanazolowera, ndi kuleka pa nthawi yake, tsiku ndi tsiku, monga tambala amene alira m'bandakucha ngakhale mwambvundikira m'dengu. Ichi chinasonyeza kuti kali ndi wotchi m'thupi mwake. Kufikira nthawi imeneyo ophunzira ambiri anayesa kuti mabakiteriya sangakhale ndi wotchi yotere, ndipo umboni woyamba unachokera m'matope a munda wa mpunga.

Phindu la wotchiyo nlakuti selo silidzidzimutsidwa. Liyamba kukonzekera usiku dzuwa lisanalowe, ndipo liika chida chake pambali dzuwa lisanatuluke.

Palinso ndere zina zopanda heterocyst zimene zigwira naitrojeni pokhapokha zikapezeka pamalo posowa okosijeni, monga m'kati mwa matope kapena kunsi kwa mulu wa ndere zinzao. Stewart ndi Lex anasonyeza ichi m'chaka cha 1970 pa mtundu wotchedwa Plectonema.

Za ku nyanja zamchere

Kuti tione njira zina ziwiri, tiyenera kuchoka ku dambo pang'ono ndi kupita ku nyanja zazikulu zamchere, kumene ndere zopanda heterocyst zichuluka koposa.

M'chaka cha 1770, pamene chombo cha James Cook chinali kuyenda m'mbali mwa Australia, amalinyero anaona pamwamba pa madzi zinthu zofiirira zoyala mtunda wautali, ndipo anazitcha utuchi wa m'nyanja. M'chaka cha 1830 Ehrenberg wa ku Germany anazifotokoza atazipeza m'Nyanja Yofiira, nazipatsa dzina lakuti Trichodesmium. Ndere zimenezi ndi timaulusi tomangana m'timitolo. M'chaka cha 1961 Dugdale ndi anzake anapeza kuti timitolo timeneti tigwira naitrojeni m'nyanja ya Atlantic, koma ambiri anakayika, poyesa kuti ndi mabakiteriya ena omatirira pamenepo amene anali kuchita nchitoyo. Pambuyo pake kunatsimikizika kuti ndi Trichodesmium yemwe.

Chachilendo nchakuti Trichodesmium agwira naitrojeni masana, ngakhale alibe heterocyst. M'chaka cha 2001 Berman-Frank ndi anzake anasonyeza kuti iye agawa usana womwewo. M'mawa apanga shuga. Dzuwa likafika pamutu achepetsa kutulutsa okosijeni ndi kuonjezera kumumeza, ndipo m'maora amenewo ndimo chida chija chigwira nchito kwambiri. Naitrojeni amene ndere zimenezi zilowetsa m'madzi adyetsa tomera tating'ono, tomerato tidyedwa ndi tizilombo, ndipo tizilombo tidyedwa ndi nsomba. M'nyanja zotentha, kutali ndi mitsinje, iyi ndi imodzi mwa njira zazikulu zimene chakudya chatsopano chilowera m'madzi.

Njira yotsiriza ndi ya kubakiteriya kena kamene Jonathan Zehr ndi anzake anapeza zizindikiro zake m'nyanja ya Pacific m'chaka cha 1998. Kameneka kanataya konse zida zotulutsa okosijeni. Popeza sikangathe kudzipangira chakudya, kakhala mkati mwa selo la ndere ina yotchedwa Braarudosphaera, imene ikadyetsa shuga ndi kulandira naitrojeni. M'chaka cha 2024 akatswiri analengeza kuti kubakiteriyako kakhala m'menemo nthawi yaitali kotero kuti kasanduka chiwalo cha ndereyo, ndipo anakatcha nitroplast. Nkhaniyi inakondweretsa ofufuza za ulimi, chifukwa afuna kuphunzira m'mene mbeu ingakhalire ndi chiwalo chotere. Koma mpunga kapena chimanga chodzigwirira chokha naitrojeni kulibe m'minda, ndipo mlimi asayembekeze kuchigula m'sitolo.

Kodi thandizo lake nlalikulu bwanji?

Tibwerere ku dambo. Ndere zokhala ndi heterocyst ndi zopanda heterocyst zikhala pamodzi m'madzi a mpunga, zina pa nchito masana, zina usiku, ndipo kawirikawiri gawo lalikulu ligwidwa ndi zokhala ndi heterocyst. M'minda ya ku Asia kumene anayesa, ndere zonsezi pamodzi zikakula bwino zilowetsa makilogalamu ngati 20 kapena 30 a naitrojeni pa hekitala imodzi m'nyengo imodzi. Thumba la yureya la makilogalamu 50 liri ndi makilogalamu 23 a naitrojeni. Motero tinganene kuti ndere zipatsa mlimi thumba limodzi pa hekitala popanda kulipira.

Tidziwe kuti mpunga sulandira chakudyachi tsiku lomwelo. Naitrojeni akhala m'thupi la ndere kufikira zitafa ndi kuola m'matope. Wina adyedwa ndi mpunga wa chaka chomwecho, wina atsalira wa chaka chamawa. Tidziwenso kuti tani imodzi ya mpunga ichotsa m'munda makilogalamu 15 kufikira 20 a naitrojeni. Ichi ndicho chifukwa chake dambo silileka kubereka, komanso ndicho chifukwa chake zokolola zikhala zochepa monga ananenera mkulu uja. Wofuna matani anai kapena asanu pa hekitala ayenera kuonjezera manyowa kapena feteleza.

Zoyenera kuchita

1. Konzani migula ya m'mbali mwa ndime zanu ndi kusalaza munda, kuti madzi akhale osaya ndi ofanana ponseponse. Ndere zigwira nchito pokhapokha pali chinyezi. Munda ukauma zingogona, ndipo zidzuka madzi akabwera.

2. Musamwaze yureya kapena salufeti pamwamba pa madzi. Ndere zikapeza naitrojeni wopsa kale zileka kupanga chida chija, popeza kuchipanga nkolemetsa, ndipo ndere zina zosathandiza zichuluka ndi kuzitsekereza. Ndiponso gawo lalikulu la feteleza womwazidwa pamadzi lithawira mumpweya. Chotsani madzi poyamba, lowetsani feteleza m'matope, ndipo mubwezeretse madziwo. Ofufuza a ku International Rice Research Institute, ku Los Baños m'dziko la Philippines, anapeza kuti feteleza wokwiriridwa m'matope sasokoneza nchito ya ndere monga achitira womwazidwa.

3. Ndere zimenezi zikonda fosifeti, ndipo sizikula bwino m'nthaka yowawasa. Pothira feteleza wokulitsa wokhala ndi fosifeti muthandiza mpunga ndi ndere zomwe.

4. Musatenthe mapesi a mpunga mutakolola. Moto uthamangitsira naitrojeni wa m'mapesi kumwamba kumene anachokera. Akwirireni kuti aole.

5. Ndere zikachindikala kwambiri pamene mpunga uli wanthete, zingathe kuupondereza. Chotsani madzi masiku owerengeka, kapena mupondereze nderezo m'matope popalira. Musaziwolere kunja kwa munda, pakuti potero mutaya chakudya cha mpunga wanu.

6. Chenjerani ndi madamu ndi zithaphwi zimene madzi ake aoneka ngati mwathiridwa penti wobiriwira. Kawirikawiri imeneyo ndi Microcystis, imene iribe heterocyst koma siigwira naitrojeni, ndipo iri ndi poizoni woononga chiwindi. Musamwetse ng'ombe kapena mbuzi madzi otere, ndipo ana asasambemo.

7. M'minda ya kumtunda, kumene madzi sakhazikika, ndere sizithandiza kwenikweni. Kumeneko dalirani mtedza, nandolo, khobwe ndi soya pa kasinthasintha wa mbeu, pamodzi ndi manyowa a m'khola.

Aphunzitsi a sukulu za pafupi ndi madambo angathe kuonetsa ana gawo lina la nkhaniyi. Tengani ndere pang'ono ndi madzi ake m'botolo loyera, muliike padzuwa, ndipo ana awerenge timathobvu. Kenaka mulibvundikire ndi mphika kwa ora limodzi, ndipo adzaona kuti timathobvu taleka. Nchito ya usiku siioneka ndi maso, koma mwana amene waona ya masana adzamvetsa chifukwa chake inayo idikira mdima.

Kwa mkulu amene anafunsa funso lija, yankho lonse ndi ili: chakudya cha mpunga wanu china chibwera ndi matope, ndipo china chitsika kuchokera mumpweya kudzera mu ndere zimene muziponda popalira. Amene ali ndi mafunso ena pa kathiridwe ka feteleza m'munda wa madzi aonane ndi mlangizi wa dera lao nyengo yooka isanafike.